WOKHALA PA LENDI NAYENSO ANGASAMALE PAKHOMO NDI NKHALANGO

Aliyense woyenda pa mseu waukulu wa Great East, kucokera pa mlatho wa Luangwa kudzera pa Kacholola mpaka kufika pa Nyimba, amaona zinthu ziwiri zogulitsidwa m'mbali mwa mseu. Coyamba ndi nthoci, zimene zinachukitsa dzina la Nyimba pakati pa apaulendo a m'mabasi opita ku Chipata ndi ku Malawi. Caciwiri ndi matumba a makala, amene ambiri amawacha malasha, oimikidwa m'mizere kudikira ogula. Nthoci zimabala pa munda womwewo caka ndi caka, koma thumba lililonse la makala ndi mtengo umene unagwa, ndipo citsa cake cidzatenga zaka zambiri kuti ciphukire ndi kukulanso.

Ambiri mwa matumba amenewa amakwera malole kupita ku Lusaka, koma si onse ai. Ena amatsikira pa boma pa Nyimba pomwepa, ena ku Petauke, ndipo amathera m'nyumba za anthu okhala pa lendi. Kalembera wa 2010 anapeza anthu oposa 85,000 m'boma la Nyimba, ndipo pofika kalembera wa 2022 ciwerengero cinali citapitirira 130,000. Anthu akaculuka nazo nyumba za lendi zimaculuka. Mumakhala aphunzitsi, anamwino, apolisi, alangizi a zaulimi, ogulitsa pa msika, ndi ana a sukulu za sekondale ocokera ku midzi ya kwa Nyalugwe, kwa Luembe, kwa Ndake ndi kwa Mwape, amene makolo ao amawalipirira kacipinda m'midadada kuti akhale pafupi ndi sukulu. Motero nkhani ino ikukhudza inunso awerengi athu a kumudzi, pakuti okhala m'nyumbazi ndi ana anu, makala amene amaphikira amacokera m'thengo lanu, ndipo ena mwa inu ndinu eni ake a nyumbazo, amene munazimanga mutagulitsa cimanga, soya kapena thonje.

Wokhala pa lendi amadziona ngati mlendo, ndipo akulu anati mlendo ndi mame. Mukamuuza za kubzala mtengo kapena kukonza ngalande ya madzi a kubafa, yankho lake limakhala limodzi: nyumba si yanga. Mau amenewa ali ndi coona cake. Munthu amene angasamutsidwe pa nchito mwezi wamawa sangaike ndalama zake pa khoma la mwini. Koma utsi wa m'nyumbamo amaupuma ndi iyeyo, mayuniti a magetsi amagula ndi iyeyo, ndipo udzudzu woswana m'cithaphwi ca kuseri kwa bafa suluma mwini nyumba amene akugona ku famu kwake. Pali zambiri zimene munthu angacite popanda kugumula njerwa imodzi, ndipo zambiri mwa izo angathe kuzinyamula tsiku losamuka.

MBAULA

Tiyambe ndi pa moto, popeza ndi pamene pamapita ndalama zambiri, ndiponso ndi pamene nyumba ya pa boma imakumana ndi nkhalango ya kumudzi. Kwa zaka zambiri akatswiri a za nkhalango akhala akuwerengera kuti Zambia imataya mahekitala apakati pa 250,000 ndi 300,000 a nkhalango pa caka. Si makala okha amene amacititsa izi. Kutsegula minda yatsopano ndi moto wa lupsa zili ndi mbali yaikulu. Komabe uvuni wa dothi umene oocha makala amagwiritsa nchito ndi wowononga kwambiri, cifukwa kuti mutuluke kilogalamu imodzi ya makala mumalowa makilogalamu asanu kufikira khumi a nkhuni. Ndipo woocha sasankha mtengo wacabecabe. Amafuna mombo, mtondo, ndi mupani wa ku cigwa, mitengo yolimba imene imakula pang'onopang'ono, yomwenso imatipatsa uci, bowa ndi mphalabungu. Vutoli ndi lodziwika m'boma lino, kotero kuti pakati pa 2012 ndi 2014 bungwe lofufuza za nkhalango la CIFOR linasankha Nyimba kukhala malo ogwirirapo nchito yake yoyeza mitengo pamodzi ndi anthu a m'midzi.

Mbaula imene tinazolowera, ya citsulo cokhacokha cobooledwa mbali zonse, ndi yochipa pogula koma yodula pogwiritsa nchito. Mphepo imalowa pa mabowo onse, makala amanyeka mothamanga, ndipo kutentha kwambiri kumathawira m'mbali m'malo mokwera ku mphika. Amene anakhalapo pafupi ndi mbaula yotere mwezi wa Okutobala akudziwa kuti imaocha miyendo ya wophika mofanana ndi mmene imaochera poto. Ku Kenya, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980, amisiri anapanga mbaula ya citsulo kunja koma yomatidwa dothi loocha mkati, yokhala ndi kacitseko kamodzi pansi kolowera mphepo. Dothilo limasunga kutentha, ndipo kacitseko kamalola wophika kukweza kapena kucepetsa moto. Mbaula za mtundu umenewu zinafalikira m'maiko ambiri, kuno kwathunso zimapezeka, ndipo poziyesa zapezeka kuti zimapulumutsa kotala ya makala kapena kuposapo. Kunena kwina, pa matumba anai alionse limodzi limatsala. Banja lotha matumba awiri pa mwezi lingapulumutse matumba asanu ndi limodzi pa caka. Mbaula yotere imalemera ndithu, ndipo ikagwa dothi limasweka, koma imakwera pa ngolo pamodzi ndi mipando tsiku losamuka, ndipo palibe mwini nyumba amene angaletse.

Cina cimene amai ambiri sanacizolowere ndi dengu lophikira. Tengani dengu lalikulu, muyalemo nsanza, udzu wouma bwino kapena thonje, pansi ndi m'mbali, kusiya malo okwana poto pakati, ndipo musoke kapilo kovundikira pamwamba. Nyemba muziviike m'madzi usiku wonse. M'mawa muziwiritse pa moto waukulu kwa mphindi 20, kenaka mucotse poto ali civundikirire ndi kumuika m'dengumo msangamsanga. Pakapita maola atatu kapena anai mudzapeza nyemba zitapsa ndi kutentha kwake komwe. Nzama, nandolo ndi mpunga zimapsanso motero, mpunga mosacedwa. Nsima yokha ndiyo imakana, cifukwa imafuna mthiko ndi moto. Tonse tikudziwa kuti nyemba ndizo zimatha makala pakhomo, mpaka mabanja ena a pa boma analeka kuziphika. Mphunzitsi angasiye nyemba m'dengu popita ku sukulu, ndi kuzipeza zofunda pobwera masana.

Makala otsala mukatha kuphika musawasiye kuti anyeke mpaka phulusa. Athireni m'citini cokhala ndi civundikiro cothina. Moto ukasowa mpweya umazima wokha, ndipo makalawo mudzayatsanso madzulo. Fumbi lotsalira pansi pa thumba nalonso si lotaya. Lisakanizeni ndi phala la ufa wa cinangwa kapena ndi dothi pang'ono la pa culu, muumbe timibulu tonga mazira, muyanike pa dzuwa masiku angapo. Timibulu timeneti timayaka nthawi yaitali.

Pano tiyenera kucenjeza mwamphamvu. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julai anthu amalowetsa mbaula m'cipinda, kutseka citseko ndi mawindo, ndi kugona. Makala oyaka amatulutsa mpweya wapoizoni umene ulibe fungo ndipo suoneka. Munthu amangomva mutu ndi tulo, ndipo ena sadzukanso. Zipinda za m'midadada ndi zazing'ono, zina zilibe ndi windo lomwe, ndipo ana a sukulu okhala okha ndiwo ali pangozi yaikulu. Makolo, uzani ana anu kuti mbaula igone panja. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni, ambiri mwa iwo pang'onopang'ono, kudzera m'matenda a m'cifuwa ndi a mtima.

MAGETSI

Caka ca 2024 cinatiphunzitsa kuti magetsi ndi nkhalango ndi nkhani imodzi. Mvula ya 2023 ndi 2024 italephera, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti cilala cimeneci ndi tsoka la dziko lonse. Popeza magetsi athu ambiri amapangidwa ndi madzi, nyanja ya Kariba itaphwa ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi mosinthanasinthana, ndipo pofika Sepitembala madera ambiri anali kukhala mumdima maola 21 pa tsiku. Amene anali kuphikira pa sitovu anabwerera ku mbaula, mtengo wa makala unakwera, ndipo nkhwangwa zinalira kwambiri m'thengo.

Wokhala pa lendi sangamange damu, koma angasinthe babu. Babu lakale la mawati 60 likayaka maola asanu usiku uliwonse limadya mayuniti 9 pa mwezi. Babu la LED la mawati 9, lowala mofanana, limadya yuniti imodzi ndi pang'ono pa nthawi yomweyo. Pa mdadada wa zipinda khumi zodyera mita imodzi, kusiyana kumeneku ndiko kumaletsa mikangano ya pakutha pa mwezi, pamene aliyense amaloza mnzake kuti ndiye watha mayuniti. Mababu a mwini nyumba muwasunge m'katoni, ndipo posamuka muwabwezere pamalo pake ndi kutenga anu. Nyale zazing'ono zoyendera dzuwa, zimene zimachajanso foni, nazo n'zonyamulika. Kambale kake mumangokaika pa denga kapena pa windo popanda kukhoma msomali.

Mabatire akatha asatayidwe m'cimbudzi, m'dimba kapena pamene ana amasewera. Batire lalikulu la galimoto kapena la sola lili ndi mtovu ndi asidi. Amene akufuna kudziwa zimene mtovu umacita afunse anthu a ku Kabwe, kumene mgodi unatsekedwa mu 1994 koma dothi likudwalitsabe ana mpaka lero. Batire lotha mulibwezere kwa ogulitsa kapena kwa ogula zitsulo zakale lili losaswa.

MADZI

Pa boma pa Nyimba ndi ku Petauke madzi a m'mipope amaperekedwa ndi kampani ya Eastern Water and Sanitation, ndipo ena amatunga pa mijigo ndi pa zitsime. Mpope wodontha pakhomo la lendi umatha miyezi osakonzedwa, wa lendi akudikira mwini nyumba, mwini nyumba akuti amene akulipira bilu ndiye aone. Yesani nokha: ikani kapu pansi pa mpopewo. Ngati kapu ya kotala ya lita yadzaza pa ola limodzi, ndiye kuti mukutaya malita 6 pa tsiku ndi malita 180 pa mwezi, amene ndi zigubu zisanu ndi zinai za malita 20. Kawirikawiri cimene catha ndi kamphira ka mkati, kamene mtengo wake sufika pa mtengo wa botolo la mafuta ophikira.

Denga la malata ndi citsime cimene ambiri sacionapo. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi imapereka lita imodzi ya madzi. Nyumba ya mamita 8 m'litali ndi 6 m'lifupi, pa mvula imodzi yabwino ya mamilimita 20, imagwetsa malita 960, ndiwo madiramu anai ndi theka. Madzi onsewa amangokumba maziko a nyumba ndi kukokolola bwalo. Sipafunika ngalande za mtengo wapatali. Nsungwi yaikulu yong'ambidwa pakati, kapena cidutswa ca lata copindidwa, cikamangidwa ndi waya kunsi kwa denga cimatsogolera madzi m'diramu, ndipo posamuka mumangomasula waya. Mvula yoyamba muileke itsuke fumbi ndi zitosi za mbalame. Diramu likhale lovundikira nthawi zonse, pakuti udzudzu umaikira mazira m'madzi oima ndipo pa mlungu umodzi kapena kuposapo pang'ono ana ake amakhala atauluka. Madziwa ndi abwino kucapira ndi kuthirira. Akumwa muwawiritse kapena muwathire klorini.

Tsono madzi a kubafa. Pafupifupi pa mdadada uliwonse pali kamtsinje kobiriwira kocokera kubafa, kodutsa pa njira, kamene ana amalumpha ndi abakha amasambamo. Mankhwala ake anthu a Nyimba ali nao kale m'manja. Kumbani dzenje lofika m'ciuno pamene madziwo amathera, muthiremo miyala ndi zidutswa za njerwa, ndipo m'mbali mwake mubzale ana a nthoci atatu kapena anai. Nthoci imamwa madzi ambiri, siopa sopo wa kubafa, ndipo pakatha caka kapena caka ndi theka imagwetsa mkoko. Ndi cinthu codabwitsa kuti m'boma lodziwika ndi nthoci m'dziko lonse, anthu a pa lendi amagula nthoci pa mseu pamene madzi oti akanazilimira akununkha kuseri kwa nyumba.

ZINYALALA NDI DIMBA LA M'MATUMBA

Zinyalala za pakhomo zili mitundu iwiri: zoola ndi zosaola. Makoko a nthoci ndi a mbatata, masamba, zotsala za ndiwo ndi zosesa pabwalo zipite m'kadzenje kaokha, muzithira dothi pang'ono pamwamba kuti nchenche zisaswane. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu mumafukula manyowa. Phulusa la mbaula ligawidwe, lina ku manyowa, lina m'cimbudzi kuti licepetse fungo.

Manyowawo ndiwo amayambitsa dimba la munthu wopanda malo. Thumba lakale la ufa kapena la feteleza mulidzaze dothi losakaniza ndi manyowa, pakati muike mzere wa timiyala kucokera pansi mpaka pamwamba kuti madzi azitsika bwino, kenaka muboole m'mbali ndi kuokeramo mbande za lepu, anyezi kapena cainizi, pamwamba tomato. Matumba anai kapena asanu oimikidwa m'mbali mwa khoma amapatsa banja laling'ono ndiwo za masamba masiku ambiri pa mlungu, ndipo amamwa madzi otsukira mpunga ndi ndiwo. Mbuzi za pa boma zilibe ulemu, motero muchinge ndi minga kapena bango.

Zosaola ndizo zovuta. Mu 2018 Boma linakhazikitsa lamulo, Statutory Instrument nambala 65, loletsa matumba a pulasitiki opyapyala osafika mamaikuloni 30, ndipo bungwe la ZEMA ndilo linapatsidwa udindo woyang'anira. Komabe aliyense wopita pa msika akuona kuti timatumba ta pulasitiki tikadali ponseponse. Timatseka ngalande, ndipo ng'ombe kapena mbuzi ikatimeza timakhala m'mimba mpaka ciweto cionde ndi kufa. Dengu ndi cikwama ca citenje zimene amai athu anali kupita nazo ku msika sizinalakwe kanthu. Cizolowezi coipitsitsa ndi coyatsira mbaula ndi pulasitiki, cimene cafala kwambiri m'makomboni: utsi wake ndi poizoni, ndipo amene amaupuma ndi mwana amene watumidwa kukupiza moto. Zitsononkho za cimanga, makoko a nshawa ndi tinkhuni touma zimayatsa bwino lomwe, makamaka mukaimika pamwamba pa makala citini cobooka mbali zonse ziwiri kuti cikoke mphepo.

Matewera otaya, mabotolo ndi nsanza zisaponyedwe m'cimbudzi ca dzenje. Sizioola, dzenje limadzala msanga, ndipo pa poloti yodzaza ndi zipinda palibe malo okumba lina. Tisaiwale kolera imene inabuka mu Okutobala 2023 ndi kupitirira mu 2024, imene inadwalitsa anthu oposa 20,000 ndi kupha oposa 700, mpaka bwalo la masewera la Heroes ku Lusaka linasandutsidwa cipatala ndipo sukulu zinacedwa kutsegulidwa. Matendawa anakula kwambiri m'makomboni mmene mabanja ambiri amadyera cimbudzi cimodzi ndi kumwa madzi a m'zitsime zosaya. Midadada ya m'matauni athu aang'ono ikumangidwa mwa njira yomweyo.

PAKATI PA WA LENDI NDI MWINI NYUMBA

Zonse tachulazi n'zopepuka poyerekeza ndi nkhani iyi. Cimene cimagwetsa mphwayi anthu a pa lendi si ulesi ai, koma zimene anaona zikucitikira anzao. Munthu amalowa m'nyumba ya bwalo la fumbi lokhalokha, nabzala mapapaya ndi nthoci, nakonza bafa, napaka laimu. Mwini nyumba pobwera kudzatenga lendi amayang'ana uku ndi uku, ndipo mwezi wotsatira lendi yakwera, cifukwa akuti nyumba tsopano yakongola. Wina amauzidwa kuti asamuke mapapaya atangoyamba kupsa, pakuti mphwake wa mwini nyumba akufuna malo. Wa lendi woona zotere amalumbira kuti sadzabzalanso ngakhale tsabola. Khalidwe limeneli ndi kudula nthambi imene wakhalapo. Mwini nyumba wotere amapindula miyezi iwiri, kenaka amalandira munthu wina amene adzasiya mpope ukudontha ndi madzi akudya maziko.

Mwa lamulo ndiponso mwa mwambo wathu, cimene camera m'nthaka kapena camangidwa pa malo cimatsalira mwini malo. Lamulo la lendi la dziko lino, la caka ca 1972, limapatsa makhoti mphamvu yoweruza mikangano ya lendi ya nyumba zokhalamo, koma ndi anthu owerengeka a m'midadada amene angapite ku khoti cifukwa ca mtengo wa papaya. Njira yabwino ndi kukambirana nchito isanayambe. Wa lendi apite kwa mwini nyumba mwaulemu, nanene kuti: “Bambo, ndifuna kukumba dzenje la madzi a kubafa ndi kuika ngalande ku denga. Simenti ndi waya ndigula ndine. Kodi tingacotseko zingati pa lendi ya mwezi uno, ndipo mungandilonjeze kuti lendi sikwera caka cino?” Zimene mwagwirizana zilembedwe m'kabuku komwe mumalembamo malipiro a lendi, onse awiri asaine, pakhale ndi mboni imodzi, kaya ndi mkulu wa mpingo kaya wapampando wa dera. Ena amaona ngati kulemba ndi kusakhulupirirana, makamaka ngati mwini nyumba ndi wacibale kapena wa mpingo umodzi. Koma mwini nyumba angamwalire, ndipo ana ake odzatenga nyumbayo sadzadziwa zimene munapangana pansi pa mtengo wa mango.

Kwa inu alimi amene mukumanga nyumba za lendi pa boma tinene izi. Musadzaze poloti yonse ndi zipinda. Siyani malo a mtengo wa mthunzi, a dzenje la zinyalala ndi a cimbudzi caciwiri. Cimbudzi cikhale kumunsi kwa citsime, pa mtunda wosacepera mamita 30, ndipo cikhale ndi paipi yotulutsa mpweya yophimbidwa ndi kasefa pamwamba kuti nchenche zisatuluke. Cipinda ciriconse cikhale ndi windo lotseguka ndi timabowo ta mpweya pamwamba pa khoma. Denga litulukire kunja mokwanira kuti licinjirize khoma ku dzuwa ndi ku mvula, ndipo mumange kakhichini ka panja kuti anthu asaphikire m'cipinda cogona. Kutentha kwa Nyimba mu Okutobala ndi Novembala sikufuna kufotokozera munthu. Cipinda ca malata opanda siling'i cimakhala ngati uvuni. Ngakhale mphasa zomangidwa kunsi kwa malata zimacepetsa kutenthako, ndipo izi wa lendi angathe kucita yekha. Nyumba yozizira bwino sikhala yopanda munthu, ndipo wolowamo safulumira kusamuka.

Sitikuloza cala oocha makala. Ambiri amalowa m'thengo cifukwa cimanga capsa ndi dzuwa ndipo pakhomo pakufunika feteleza, sopo ndi yunifomu. Lamulo la nkhalango la 2015 limafuna kuti woocha ndi wonyamula makala akhale ndi cilolezo ca Dipatimenti ya Nkhalango, ndipo lamulo lomwelo linatsegula njira yoti anthu a m'midzi azisamalira nkhalango zao ndi kupindula nazo. Kwa Nyalugwe ndi kwa Luembe midzi inalowa m'nchito ya Luangwa Community Forests, mmene anthu amalandira ndalama za citukuko cifukwa cosunga mitengo ili ciimire. Bungwe la COMACO nalo lakhala likulimbikitsa alimi a m'cigawo cino kubzala gliricidia m'minda, mtengo umene masamba ake amabwezera conde m'nthaka ndipo nthambi zake zimaphukanso mukazidula. Tinthambi timeneti tikauma timaphika nsima pa citofu ca dothi cosawononga nkhuni. Mwana wanu wa pa boma akabwera kudzatenga ufa, mumangireniko mtolo wa nthambi zotere ndi thumba la zitsononkho, m'malo momugwetsera mtondo.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko lino imatsegulidwa pa 15 Disembala, nthaka itanyowa bwino. Wa lendi amene wagwirizana ndi mwini nyumba asankhe mitengo yobala msanga. Papaya amabala caka cisanathe, ndipo cammwamba, amene ena amamucha moringa, amayamba kupereka masamba a ndiwo m'miyezi yowerengeka. Mango, mapeyala ndi malalanje ndi a mwini nyumba, pakuti amafuna zaka. Iye ndiye agule mbande, wa lendi azithirira. Mtengo waukulu uliwonse ukhale kutali ndi khoma ndi dzenje la cimbudzi mamita asanu kapena kuposapo, ndipo usabzalidwe pansi pa mawaya a magetsi. Bulugamu asayandikire nyumba kapena citsime konse. Amene mwini nyumba wamukaniza kukumba pansi angabzale mandimu, tsabola kapena cammwamba m'cidebe cakale ca malita 20 cobooledwa kunsi. Malangizo a mbande zoyenera dera lanu mungawapeze ku ofesi ya Dipatimenti ya Nkhalango pa boma pa Nyimba kapena ku Petauke, ndiponso kwa mlangizi wa zaulimi wa kampu yanu.